Sabata Yopanda Tirigu ya Tadala

Lolemba

Tsiku loyamba. Ndalemba pa kalendala ndi bolopeni yofiira: TIRIGU AYI.

Tadala, mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi, akulandira Ukaristia koyamba Lamulungu likubwerali. Diresi loyera lilipo kale, anasoka Che Saidi, atelala a kuseri kwa nyumba yathu. Vuto ndi zipi. Ikukwera mpaka pakati pa msana n'kuima. Mwana ndi woonda, timanja ngati timitengo, koma mimba ili tuu ngati wameza mpira. Che Saidi akuti, "Bweretsani tilikuze pang'ono." Ndakana. Diresi silinalakwe. Iphwe ndi mimbayo.

Zaka ziwiri tikuzungulira nayo mimba imeneyi. Mankhwala a njoka zam'mimba kanayi konse. Mapiritsi owonjezera magazi. Mapemphero. Lachisanu lapitali, atamuyeza magazi ndi kumusuzumira m'mimba, adokotala a ku chipatala chachikulu atipatsa dzina la matendawa: siliyaki. Ndinafunsa kawiri, ndimayesa ndi dzina la mankhwala.

Zimene ndinamva, ndilembe ndisanaiwale:
- Mu tirigu muli kanthu kotchedwa guluteni, kamene kamachititsa fulawa kumata ndi kutamuka ukamakanda. Manja anga amakadziwa bwino, dzina lokha ndiye ndimalisowa.
- Tadala akakadya, thupi lake limalusa n'kuyamba kumenya matumbo ake omwe.
- M'matumbo muli timaubweya toyamwa chakudya, ngati ta thaulo. Take tinaperepeseka. N'chifukwa chake amadya koma sakula.
- Mankhwala kulibe. Jakisoni kulibe. Kusiya tirigu basi, moyo wake wonse.
- Ngakhale kanyenyeswa!

Adokotala akuti kuchira kumatenga miyezi. Ine ndili ndi masiku asanu ndi limodzi.

Ndipo ntchito yanga ndi chiyani? Kukazinga mandasi. Zaka khumi ndi chimodzi pa siteji ya Zingwangwa. Ndaseka ndekha mpaka misozi.

Koma pulani ilipo. Mandasi ndizikandira kukhonde, chakudya cha Tadala m'nyumba. Buledi, masikono, mabisiketi, supageti, zonse zatha. Mpunga, mbatata, chinangwa, phala la mgaiwa, mazira, nsomba, nthochi, zonsezi adye mmene angafunire.

Bambo a Tadala abwera kudzadya masana, minibasi yawo ya ku Chilobwe ayisiya pamsewu. Ndawawerengera mndandanda wonse. Funso lawo limodzi: "Nanga mu nsima mulibemo?" Mulibe. "Ndiye palibe vuto." Kwa iwo nkhani yathera pomwepo.

Tadala akufunsa, "Amayi, ngakhale mandasi anu?" Ngakhale anga. Wangotembenuka n'kupita kukasewera.

Lachiwiri

Apongozi afika kuchokera ku Nsanje, kudzaonerera mwambo. Katundu wawo: nkhuku yamoyo, kathumba ka mapira, ndi maganizo ambiri.

Ndawakhazika pansi. Ndafotokoza za guluteni. Ndafotokoza za thaulo. Ndatenga thaulo lenileni la kubafa kuwaonetsa pamene panaperepeseka. Akuliyang'ana, akundiyang'ana ine, kenako akuti, "Ndiye mugule lina, mwananga."

Ndayambiranso. Akakwiya amabwerera ku Chisena: "Pyenepi mpya azungu!" Ndiye kuti zimenezo n'za azungu. Akuti kwawo munthu amadwala chifukwa chosowa buledi, osati chifukwa chodya. Akuti mwanayu akuonda chifukwa mayi ake akumumana.

Ine! Ndikumumana! Ine amene zaka zonsezi ndimamusankhira ndasi lalikulu la pamwamba, lotentha, kuti anenepe. Ndikakumbukira zimenezo mtima ukundiwawa, ndiye sindikufuna kukumbukira.

Ndapita ku siteji kukagulitsa mandasi a masana. Ndasiya malangizo kwa onse, ndi nkhuku yomwe.

Ndabwera. Tadala wagona pampando, wagwira mimba. Milomo ili mbuu. Agogo ake ali bize kusesa pamalo posesa kale.

Kufufuza sikunatenge nthawi. M'chikwama mwa apongozi muli theka la buledi wa paulendo. Akuti, "Ndangomunyikira mu tiyi kachidutswa. Kachidutswa chabe! Kafewa, sikangamupweteke."

Kafewa! Ngati vuto linali mano!

Kuchimbudzi maulendo anayi dzuwa lisanalowe. Zipi sindinayese n'komwe.

Ndafufuta pa kalendala. Tsiku loyamba ndi mawa.

Lachitatu

Tsiku loyamba, lachiwiri lake.

Buledi wa apongozi ndapatsa nkhuku. Apongozi sakundiyankhula. Mtendere ulipo ndithu.

Kusukulu Tadala wanyamula mbatata yophika, dzira, nthochi ziwiri. Ndamulumbiritsa pakhomo: buledi ayi, ndasi ayi, bisiketi ayi, ngakhale akupatse mphunzitsi wamkulu.

Ndakwera minibasi kupita m'tauni. Ndamva kuti m'masitolo akuluakulu muli fulawa wopanda guluteni. Alipodi, kapaketi kakang'ono ngati ka mchere. Ndaona mtengo wake, ndakabwezera pa shelefu ndi manja awiri, mwaulemu.

Ndayamba kuwerenga zolemba za kuseri kwa mapaketi, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Tirigu ali paliponse! Mu supu wa m'paketi. Mu masoseji ena. Mu zokometsera ndiwo zina. Mlonda wa m'sitolo akunditsatira pambuyo, akuganiza kuti ndikufuna kuba. Ayi bambo, ndikufufuza mdani.

Pobwerera ndakumana ndi Abiti Juma, akazi a Che Saidi. Akuti, "Aaa, zimenezo ndi zanga zomwe! Ndikadya buledi wambiri mimba imafufuma, koma slaisi imodzi sindimva kanthu. Muzimupatsa pang'onopang'ono azolowere." Zimenezi ndinafunsa kale kuchipatala. Adokotala akuti alipo anthu amene tirigu amangowasokoneza m'mimba, koma matumbo awo savulala. Za Tadala ndi zina. Pang'ono pomwepo pamawononga, ngakhale tsiku limene sakumva kupweteka. Ndafotokoza pamsewu, dzuwa likuswa mtengo. Abiti akuti, "Ehee, ndi zomwezo." Ndatopa.

Tadala waweruka, akusekerera. Pakamwa pali chikasu cha mafuta.

"Ndasunga lamulo, amayi. Anzanga amagula mandasi, ine ndagula zigege. Ndi mbatatesi basi!"

Zigege!

Mbatatesi inde, koma yovala jekete la fulawa. Pa mndandanda wanga sindinalembe zigege. Mwana sanalakwe. Ndamuuza kuti sanalakwe, koma mawu atuluka mokweza, walira.

Ndafufutanso. Kalendala yayamba kubowoka.

Lachinayi

Tsiku loyamba, lachitatu lake.

M'mawa ndagwira bambo a Tadala ali pakati pa mlandu. Buledi wawo amabisa mu minibasi, zimenezo ndi zawo. Koma lero alowa naye m'nyumba, mpeni pa buledi, mpeni mu majarini, mpeni pa buledi, mpeni mu majarini. Majarini yemweyo ndimathira m'phala la Tadala. Nyenyeswa zili mbwee m'kontena.

Akuti, "Koma mayi, mwasanduka apolisi." Inde. Ndipo mwamangidwa.

Ndapulumutsa phala. Ndagula majarini wina, ndalembapo TADALA. Kusukulu ndamuperekeza mpaka pageti. Ndamuyang'anitsitsa mayi wa zigege mpaka wayang'ana kumbali.

Masana ayenda bwino. Mpunga ndi usipa. Ndayesa zipi: yakwera kuposa Lolemba ndi zala ziwiri! Ndavina pang'ono m'chipinda.

Madzulo ana onse olandira koyamba apita kutchalitchi kukakonzekera ndi akatekisiti. Kumeneko ndiye ndinalibe nako nkhawa. Kutchalitchi kulibe mayi wa zigege.

Tadala wabwera akudumphadumpha. "Amayi, tayeserera kulandira! Atipatsa hostiya yosadalitsa kuti tizolowere. Ine ndinalakwitsa kuika manja, ndiye andibwereza katatu."

Katatu.

Ndakhala pansi pomwepo, pa simenti.

Hostiya. Kamkate koyera kaja. Ndakhala ndikulandira kuyambira ndili kamtsikana ku Chikwawa, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti amakapanga ndi chiyani. Timaimba ndithu nyimbo za tirigu ndi mphesa popereka mphatso, ine ndi mawu anga okwera, ndili patsogolo. Sabata yonse ndikulimbana ndi buledi, zigege, majarini, cholinga mwana akafike bwino pa guwa. Osadziwa kuti pa guwa pomwepo ndi pamene pali tirigu akumudikira.

Apongozi ayankhula koyamba chiyambire Lachiwiri: "Ndiye mukafufutenso Misa pa kalendala panupo."

Mimba ya Tadala yayamba kulira ngati wailesi yosowa siteshoni.

Lachisanu

Tsiku loyamba, lachinayi lake. Sindinalembe pa kalendala, pepala latha mphamvu.

Mandasi ndagulitsa mothamanga. Ndavala chitenje cha mpingo, ulendo wa ku parishi.

Choyamba akatekisiti. Munthu wabwino, koma amayankhula ngati akuwerenga chilengezo. Ndafotokoza za guluteni. Za thaulo ndasiya, ndaphunzira. Avula magalasi. "Mayi, mukufuna kunena kuti Thupi la Ambuye lingadwalitse mwana?"

Sindikufuna kunena chilichonse, bambo. Ndikufuna mwana wanga asathamangire kuchimbudzi atavala diresi loyera.

Ndafunsa ngati ndingaphike kanga ka mgaiwa, kopyapyala bwino, ndibwere nako Lamulungu. Akatekisiti agwira pamtima. Anditumiza kwa Bambo Mfumu mwachangu, ngati akuchotsa njoka m'nyumba.

Ndadikira pa benchi maola awiri. Kutsogolo kwanga kuli a ukwati, a maliro, ndi abambo ena ofuna kudalitsa njinga yamoto.

Bambo Mfumu amvetsera mpaka kumapeto osandidula. Sabata yonseyi munthu woyamba! Akuti anakumanapo nazo ali kusukulu kunja. Akuti hostiya iyenera kukhala ya tirigu, za mgaiwa ndiiwale. Akuti zilipo zina zokhala ndi guluteni wochepa kwambiri, koma kuno sizipezeka msanga, komanso ndiyambe ndafunsa adokotala. "Koma Ambuye ali athunthu m'chikho momwemonso. Tadala alandira Magazi okha." Amukonzera kachikho kakekake, chifukwa m'chikho chachikulu wansembe amaponyamo kachidutswa ka hostiya.

Onani! Nawonso akudziwa za nyenyeswa! Ndatsala pang'ono kuwakumbatira, ndakumbuka kuti ndi ansembe.

Kunyumba nkhani yafika mosiyanasiyana.

Apongozi: "Mwana wa zaka naini amwe vinyo pamaso pa mpingo wonse? Buledi mukukaniza, mowa mukulola!"

Bambo a Tadala: "Kachikho kakekake? Ndiye kuti ndi bwana."

Tadala: "Anzanga andiseka?" Ndati ayi. Sindikudziwa.

Koma lero, lero lokha, palibe tirigu walowa mwa mwana wanga. Ndawerenga zonse kuyambira m'mawa: phala, chinangwa, nyemba, nthochi. Palibe! Ndayang'ana m'chikwama mwa apongozi ali kubafa. Mulungu andikhululukire, mawa ndikalapa.

Loweruka

Tsiku lachiwiri! Koyamba kufika pa nambala imeneyi.

Lero ndi la keke. Ana ena mawa adula makeke a m'tauni okhala ndi maluwa a shuga. Wanga sadula mphepo. Ndiphika yanga: ufa woyera wa chimanga, nthochi zakupsa, mazira anayi, mkaka, majarini wolembedwa dzina uja. Apongozi akusuzumira: "Chimenecho ndi chigumu." Si chigumu, ndi keke. "Chigumu chovala suti."

Ndasamala zonse. Poto ndakwecha kawiri. Manja ndasamba mpaka m'zigongono. Ufa ndasefa katatu kuti ukhale wosalala. Makala pansi, makala pamwamba.

Yatuluka yafulati ngati chivundikiro cha poto, koma ikununkhira. Ndadula kachidutswa kam'mbali, Tadala walawa. "Ikukoma, amayi." Wapempha kena. Ndamupatsa chachikulu, ndi mtima wonse.

Kulapa tapita, tabwera.

Cha m'ma fili koloko wayamba kugwira mimba.

Ndalusa. Ndaika bwalo pabalaza. Apongozi atsegule chikwama: muli korona ndi fodya wa mphuno. Bambo a Tadala ndawaimbira ali pa msewu, alumbira pa dzina la malemu bambo awo, kondakitala akuchitira umboni. Ndapita mpaka kwa Abiti Juma kukafunsa ngati anamupatsa kanthu "kuti azolowere". Akhumudwa. Ndakalipira aliyense, ndi nkhuku yomwe, ngakhale ili kale mu poto.

Tadala ali pampando, mawondo pachifuwa. Akuyankhula motsitsa, ngati akuopa kundipweteka.

"Amayi, sefa ija si ya mandasi?"

Ndapita kukhonde. Sefa ili pa msomali pake. Ndayiyang'anitsa padzuwa. M'timabowo monse, m'mphepete monse, fulawa wouma wa zaka ndi zaka. Ndili nayo imodzi yokha. Ndasefera katatu.

Ndiye maso atseguka. Fulawa pa zenera la chipinda chake. Fulawa pa chogwirira chitseko. Fulawa pa chitenje changa chimene amapukutira pakamwa. Supuni yovuulira mandasi ndi yomwe ndimavundulira nyemba. Kukhonde ndi m'nyumba kwasiyana ndi chitseko chimodzi chosatsekeka bwino, ndipo m'mawa uliwonse ndikamakhuthula thumba fumbi limakwera mpaka kudenga.

Sabata yonse ndikusaka wakuba, ndili ndi katundu kumutu ndine.

Apongozi sanandidzudzule. Bola akanandinyoza. Angotenga tsache n'kuyamba kusesa zenera.

Ndapinda diresi, ndapita kuseri. Che Saidi alilandira osafunsa. "Zala zitatu mbali iyi, zitatu mbali iyi. Sizioneka." Ndapepesa kwa Abiti. Keke adya ana a aneba, akuti chigumu chake n'chokoma.

Lamulungu

Tsiku loyamba. Ndasiya kuwerenga kuti ndi lachingati.

Zipi yakwera mpaka pakhosi. Si mimba yaphwa, ndi Che Saidi. Tadala wadzuka wofooka, maso olowa, koma akuti apita ngakhale chokwawa. Wamwa phala. Ndanyamula m'chikwama pepala la kuchimbudzi ndi chitenje chapadera, mwina mwake.

Tchalitchi chadzaza mpaka pakhomo. Ana ali pamzere, manja pachifuwa. Misa ya lero ndi yaitali, kwaya yakonzekera miyezi itatu ndipo ikufuna tidziwe. Ine sindikumva ulaliki. Ndikuyang'ana msana wa mwana wanga ndi chitseko cham'mbali, kuyeza mtunda.

Anzake onse alandira. Tadala watsala yekha kutsogolo. Anthu ayamba kunong'ona. Bambo Mfumu abwerera pa guwa, atenga kachikho kakang'ono, atsika nako. Wati "Amen" momveka mpaka kumbuyo. Wamwa. Nkhope yakwinyika ngati walawa ndimu, kenako wakumbuka pamene ali, wayiwongola.

Ndalira. Apongozi andipatsa kansalu kawo konunkha fodya, nawonso akulira, akudikira kuti kabwerere.

Panja amayi a mphakati akugawira ana masikono ndi zakumwa. Ndaona sikono likupita kwa Tadala, ine ndili kutali, pakati pa anthu, sindingafike. Ndatsegula pakamwa kuti ndikuwe. Mwana waika manja kumbuyo: "Zikomo, ine sindidya za tirigu. Zimandivulaza matumbo." Mayiyo akukakamiza, akuti n'lodalitsika. Apongozi atulukira pomwepo ngati mphepo: "Mwamva! Sadya pyenepi!" Alanda sikonolo, alowetsa m'chikwama mwawo. Akuti n'la paulendo.

Kunyumba mpunga ndi nkhuku ija. Keke palibe. Tadala wadula chinanazi, tamuwombera m'manja.

Alendo atapita ndasonkhanitsa: theka la thumba la fulawa, sefa, beseni lokandira, chiwaya, supuni yovuulira. Maulendo atatu kupita kwa Abiti Juma. Akhala akufuna kuyamba geni kalekale. Ndawauza muyeso wa yisiti, ndawauza kuti madalaivala amakonda ofiirira, ndawauza kuti malo anga pa siteji ndi pafupi ndi mtengo wa magetsi. Chiwaya ndinagula ndili ndi pakati pa Tadala. Pochisiya ndachisisita ngati munthu.

Ine ndiyesa zitumbuwa, za mgaiwa ndi nthochi. Sizithamanga ngati mandasi, ndikudziwa. Pa siteji pali kale amayi atatu a zitumbuwa, onse amaweruka ndi zotsala.

Khonde ndakolopa kawiri. Bambo a Tadala agwetsa akangaude oyera a kudenga osatumidwa.

Tadala wakana kuvula diresi. Waima pachitseko, akuyang'ana msomali wopanda sefa.

"Amayi, mwasiya mandasi chifukwa cha ine?"

Ndati ayi, ndinatopa nawo kalekale, utsi umandipweteka maso.

Ndinalapa dzulo lomweli, lero ndanama kale.

Ndakhala pa sitepe, ndikuchotsa fulawa m'zikhadabo ndi kamtengo ka machesi. Akutulukabe.